Nkhondo ya Katoni ya pa Bafa la Mayi Zipora

M'zaka zija shuga adasowa m'magolosale, utsi wokhetsa misozi uli lubani wa mzinda wa Lilongwe, ine woyendayenda, wotola nkhani za eni, ndidaponda ku Chinsapo ndi kupeza nkhondo imene zidzukulu zidzaisimba zitavula zipewa.

Kumeneko kunkakhala Bambo Greenwell, Mtolamkwiyo, Njovu yofika zionetsero zitatha, amene sadagubepo chibadwire, koma anthu akabalalika ankatola zikwangwani zotayidwa, nkuzisita ndi simbi yamakala, nazisunga pansi pa matiresi kuti adzazionetse ku mtundu wonse. Mfumu ya zonsezo inali katoni yolembedwa kuti TATOPA NDI TIYI WOPANDA SHUGA.

Tsiku lina atayanika chuma chawocho kuti chichoke nkhungu, mphepo idanyamula mfumuyo nkuiponya kwa neba wawo, Mayi Zipora, Mkango wa pa mjigo, Wokazinga mandasi osagona. Iwo poona katoni yolimba, adatsekera chibowo cha bafa lawo laudzu choyang'ana kumsewu.

Greenwell adaima pampanda, chifuwa patsogolo.

"Amayi, mwakhoma mbiri ya dziko pa bafa. Bwezani."

"Mbiri yake iti, abambo inu? Anzanu akuthawa utsi, inu munali m'nyumba kumvera pa wailesi."

"Ndine msungi wa mawu a anthu."

"Ine ndikusunga msana wanga. Ndichotse kuti akabaza aziwonera filimu yaulere?"

Pamenepo Njovu idachita zimene sidachitepo: idalemba chikwangwani chakechake chakuti BWEZANI MBIRI, niguba yokha mozungulira bafalo, nkhuku zikubalalika ngati gulu laona apolisi. Mkango udatuluka, nuyesa katoni yatsopanoyo ndi maso, nuilanda.

"Zikomo, abambo. Kumbuyoku kunalinso chibowo. Mawa mudzagubenso, kudakali zibowo zambiri."

Greenwell adazindikira kuti adaniwa sagonja, komanso kuti anthu oima kuwerenga pa bafapo anali ochuluka kuposa onse amene adasuzumirapo pansi pa matiresi ake. Adanyamula chuma chonse nachipereka kuti chikhomedwe pa bafalo, chikhale chionetsero.

Chionetserocho adachitsegula mwaulemu podula chingwe choyanikira zovala, amayi akululutira. Mpaka lero chimatsegulidwa tsiku lonse, kupatula pamene chitenje chapachikidwa pamwamba pa udzu. Nthawi imeneyo alendo onse, ngakhale ophunzira ochokera kutali, amatembenuka, msana ku mbiri ya dziko, kudikira kuti Mayi Zipora amalize kusamba.