Nambala ya 9991 ndi apongozi anga

Mpaka lero ndikafika ku Kambombo, kwawo kwa mkazi wanga, ana a pamudzipo amayamba kuyenda chafutambuyo uku akuseka. Sindiwakalipira, ndinaziyamba ndekha.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu pa boma la Chama. Nditakwatira Tiwonge, amayi ake ankakayika ngati munthu wa m'tauni ngati ine angadziwe ulemu. Choncho pa ulendo wathu woyamba kumudzi, Tiwonge anandilangiza njira yonse.

"Imwe, kwathu mkamwini sayandikira apongozi. Mukawaona, patukani. Mukalakwa, ine manyazi nizayaika kuti?"

Ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Titaima pabwalo, diso langa linagwera pa mita ya njinga yamoto imene tinakwera: makilomita 9991. Mtima unangoti phwii! Nambalayi inkaoneka ngati pulayimu, zija zokana kugawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi mwini wake. (Ena amakodwa ndi mowa, ine ndi izi.)

Tiwonge atalowa m'nyumba, ndinatola kamtengo n'kuwerama pansi. Si ya awiriawiri, 2 yalephera. Manambala ake kuwaphatikiza akupereka 28, ndiye 3 alibe mwayi. Siithera ndi 5 kapena 0. Ndinayesa 7, yatsala. Ndinayesa 11 ndi 13, zatsalanso. Malo olemba akatha ndinkabwerera m'mbuyo pang'ono, ndili chiweramire, ngati nkhuku yopalasa.

Pofika pa 47 ndinali nditadutsa khola la mbuzi. Pa 71 ndinamva wina akutsokomola dala. (Anali mlamu wanga, amandichenjeza. Ine ndinkati ndi chimfine.) Pa 89 ndinali ndikumwetulira kale, poti panangotsala 97 yokha kuti ndiitchule pulayimu. Ndinaponda phazi limodzi m'mbuyo.

Gu!

Mbuyo yanga inagunda chinthu chofewa. Nditacheuka ndinaona apongozi ali chagada pamphasa, lichero lili uko, ufa umene amasefa uli mbuu kumutu mpaka m'nsidze. Mantha anandizunguza mutu, ndipo m'malo mothawa ndinawagwira dzanja kuti ndiwadzutse.

"Musawagwire!" anakuwa Tiwonge ali pakhomo. "Manje mwaonjezera mlandu!"

Ndinawasiya. Anagwanso.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, mlamu n'kumanyamula mawu pakati pathu. Anabwera akudziluma milomo kuti asaseke.

"Akuti mumalemba chani pabwalo pawo?"

"Auzeni kuti nimafuna kudziwa ngati nambala igawika."

Anapita, anabwerako.

"Akuti igawika?"

"Sininatsirize."

"Akuti mkamwini wogwetsa apongozi kawiri, ntchito n'kuisiyanso panjira, abweretse tambala."

Tambala ndinapereka, wofiira, wamkulu. Apongozi anatenga tsache n'kusesa masamu anga onse kuyambira pakhola. Pambuyo pake anatuma uthenga woti mwana wawo andisunge bwino, chifukwa munthu wotere sangapeze wina womupirira. Ndinaona kuti kumeneko ndiye kundilandira.

Titafika kunyumba ndinakhala pakhonde n'kuyesa 97 ija. Inalowa bwinobwino, maulendo 103, osatsala kanthu. Nambala imene inandidyera tambala ndi ulemu sinali pulayimu n'komwe.

"Mwaphunzirapo kanthu?" anafunsa Tiwonge, manja ali m'chiuno.

"Kwambiri," ndinayankha. "Nikanayambira pa 97, amayi sakanagwa."

Tsiku limenelo ndinadziphikira ndekha.