Magemu anga ali m'foni ya apongozi

Magemu anga onse 42, amene ndakhala ndikugula pa intaneti kwa zaka zisanu ndi zinayi, pano ali m'manja mwa apongozi anga aakazi ku Makanjira. Iwowo sadziwa kuti gemu n'chiyani, ndipo mpaka Loweruka lapitali ankandiyesa munthu wanzeru.

Ndifotokoze mwadongosolo. Magemu a masiku ano sabwera pa chimbale. Ukagula amakhala mu akaunti yako, ndipo ukasintha makina umangolowa mu akauntiyo n'kuwatsitsanso. Achimwene anga a ku Joni atanditumizira makina atsopano oseweretsa magemu, ndinachita zinthu ziwiri, koma mosemphanitsa. Choyamba ndinafufuta zonse m'makina akale n'kuwapereka kwa mnzanga wa ku Nkopola amene ali ndi kanyumba koseweretsa magemu. Anawamangirira pa njinga yamoto, ulendo. Kenako m'pamene ndinayatsa atsopanowo. (Ngakhale mwana amadziwa kuti nyumba yakale sagwetsa yatsopano isanafoleredwe.)

Makina anafunsa imelo, ndinalemba. Anafunsa pasiwedi, ndinalemba. Kenako anati atumiza manambala 6 ku foni yothera ndi 17, ndipo ndiwalembe pasanathe mphindi khumi.

Layini yanga imathera ndi 40.

Ndinakhala pampando ndikuwerenga uthengawo mobwerezabwereza. Layini ya 17 ndi ija ndinapereka kwa apongozi zaka zitatu zapitazo, pamodzi ndi kafoni ka mabatani, kuti azilankhula ndi mwana wawo.

Kwa amene si akuno: mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi ngati mnzake wa pa bawo. Pa zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso. Uthenga uliwonse umadzera kwa mkazi wanga, mayi a Asiyatu. Koma tsikulo mkazi wangayo anali pa ntchito kuchipatala, foni atazimitsa mpaka 4 koloko. Nthawi inali 12 koloko. Ndikanadikira maola anayi okha. Ndinaimba.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Alihamudulila, bambo a Asiyatu. Kwagwanji kumeneko kuti muimbe nokha? Mwana wanga ali moyo?"

"Ali bwino ndithu, amayi."

"Nanga Asiyatu, chifuwa chija?"

Chifuwa chinatha chaka chatha, koma ndinayankha. Anafunsa za mvula ya ku boma. Ndinafunsa za chinangwa. Anandifotokozera za mbuzi imene inadya mpunga wa aneba, ndi mmene mlandu wake unathera. Moni wa apongozi sadumpha, ndipo maso anga anali pa wotchi ya pakhoma. Tinamaliza patatha mphindi khumi ndi imodzi. Manambala aja anali atafa kale.

Ndinadina batani kuti atumize ena, n'kulowa m'nkhani: m'foni mwawo mufika uthenga, andiwerengereko manambala ake.

"Yaliradi," anatero. "Dikirani ndikatenge magalasi."

Apa pali mfundo ina yofunika. Kumudzi kwawoko netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa mzikiti, ndipo mwamwayi m'pamene foni yanga inawapeza. Magalasi anali kunyumba. Atangotsika pa chulupo, foni inaduka. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, kanayi ndikuzungulira tebulo. Pamene ankakweranso chulu, manambala achiwiri anali atatsatira anzawo.

Ulendo wachitatu anabwera ndi Che Adamu, mphunzitsi wopuma ntchito amene amawawerengera makalata, chifukwa uthengawo unali m'Chingerezi. Mtima unakhala pansi. Munthu wophunzira wafika. Ndinamva Che Adamu akuwerenga pang'onopang'ono, kenako n'kumasulira mokhulupirika, mpaka chiganizo chomaliza: musauze munthu aliyense manambala amenewa.

Apongozi atayambanso kulankhula, mawu anali atasintha.

"Kodi paja mwati ndinu ndani?"

"Ndine bambo a Asiyatu, amayi."

"Bambo a Asiyatu sanandiimbirepo foni chikwatirire mwana wanga. Ndi munthu waulemu ameneuja."

"Ndine ndemwe, amayi. Ndine ndinabweretsa malata a pakhitchini paja."

"Malata aliyense wodutsa amawaona. Manambalawa ndi a chiyani?"

Ndinati ndi a masewero a pa kanema, a mpira ndi a magalimoto, ndipo m'katimo muli timu imene ndaikweza ndekha kuchoka pansi kwa zaka zisanu. Ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera.

"Mkamwini wanga ali ndi imvi," anatero apongozi. "Sasewera zidole. Mukabe kwina, bambo."

Foni inaduka, ndipo ulendo uno sichinali chulu.

Chimene ndinachita kenako sindinyadira nacho. Ndinayamba kulota manambala. Ndinalemba chaka chimene ndinabadwa n'kuwonjezera ziro ziwiri. Ndinalemba tsiku lobadwa la Asiyatu. Ndinalemba 123456. (Ndinagwirapo ntchito ya utolankhani, ndipo ndinalembapo nkhani yochenjeza anthu za zimenezi.) Makina anati akaunti yatsekedwa kaye chifukwa wina akuoneka kuti akufuna kuba. Pa tsiku limodzi ndinatchedwa wakuba kawiri, ndi apongozi komanso ndi katundu wanga yemwe.

Mayi a Asiyatu anafika cha m'ma 5 koloko. Ndisanatsegule pakamwa, foni yawo inalira. Anaika pa sipika.

"Mwanawe, chenjerani kumeneko," anatero apongozi. "Kuli wakuba amene akuyerekeza mawu a amuna ako. Amawatha ndithu, koma ndinamugwira. Popereka moni amapupuluma."

Mkazi wanga anandiyang'ana, anayang'ana makina, n'kukhala pansi pa simenti chifukwa cha phwete. Atapezanso mpweya anauza mayi awo kuti wakubayo ali pompano, ndipo ndi mwamuna wawo weniweni.

Apongozi anagamula. Manambala sawerenga pa foni, ngakhale kwa mwana wawo, chifukwa uthenga unati munthu aliyense. Abwera okha Lachisanu ndi foniyo, adzaone ndi maso zidole zimene zikuliritsa bambo wa pakhomo.

Chiyambire tsikulo tulo ndi tochepa. Msewu wa ku Makanjira nyengo ino ndi matope okhaokha, ndipo foniyo amaimanga pa nsonga ya chitenje. Ikagwera m'madzi poolokera, magemu 42 ndi timu yanga zipita nayo. Ndapempha mayi a Asiyatu awauze kuti aikulunge m'pulasitiki. Apongozi ayankha kuti foniyo yakhala zaka zitatu popanda malangizo anga.

Phunziro ndalitola: ndikangolowa, ndisamutsira akauntiyo ku layini ya 40. Mkazi wanga wandikumbutsa kuti layini ya 40 ndi ya ku ntchito, ndipo tsiku lochoka amalanda. Ndamuuza kuti zimenezo tidzaona.

Dongosolo la Lachisanu lili motere. Apongozi adzakhala pa mphasa pakhonde. Ine ndidzakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko, monga mwa mwambo, ndipo mayi a Asiyatu adzaima pakhomo kupatsira manambala. Lole imene adzakwere ikuyembekezeka kufika 3 koloko. Batani ndidzadina 4 koloko, moni ukatha.