Mtsuko wa Aroma ku Ballymun

Lolemba
Lachisanu ndikamba m'kalasi za Aroma akale, mmene ankatumizira mafuta a olivi kuchokera ku Spain kupita ku Roma m'mitsuko ya makutu awiri. Anzanga abweretsa zithunzi. Ine ndiumba mtsuko weniweni! Miyezi isanu tsopano chibwerereni kuno ku Ballymun, wondipatsa moni ndi dalaivala wa basi yekha. Anzangawo akauona mtsukowo adzandizungulira. Zofunika: dongo, mafuta, kulimba mtima.

Lachiwiri
Dongo la m'shopu, loterera ngati sopo. Ndikuimbira amayi ku Ntcheu, aja oumba mbiya. "Iwe, dongo unkalithawa uli kuno, lero wakalipeza kwa azungu?" Akuseka mpaka netiweki kuduka. Khosi la mtsuko lapendama, koma waima.

Lachitatu
Mvula. Amayi akuti ndiuyanike pamthunzi sabata ziwiri. Ndili ndi masiku awiri. Ndauika pa hita. Khutu limodzi lathothoka. Ndikuulankhula mtsuko, ndipo ndi bwino kuti palibe wondimva.

Lachinayi
Ndikuuwotcha mu uvuni. Nyuzipepala yomwe ndinayala pansi pake ndaiiwala. Utsi! Alamu! A Zulu a ku Chipata, omwe timakhala nyumba imodzi koma ndimangoona nsapato zawo pakhomo, atulukira atafunda bulangeti. "Amai, mufuna kutipha?" Aka n'koyamba kumva mawu awo.

Lachisanu
Ndathiramo mafuta, ndakwera basi nditaufungata ngati khanda. Ukudontha. Jasi, siketi, nsapato, zonse noninoni. Potsika, phwaa! Ndikulowa m'kalasi ndi mapale m'jumbo. Apulofesa akondwa: Aroma nawonso ankaiswa mitsuko mafuta akatha, mpaka mapale anaunjikana n'kukhala phiri. Akuyesa ndachita dala. M'manja! Mtsikana wina, wa tsitsi lofiira, watenga nambala yanga. "We must get coffee sometime."

Loweruka
Ndasamba m'mawa. Ndasita diresi. Foni ili patebulo, yodzaza moto. Jasi ndakaisiya kochapitsa, n'kuthamanga kubwerera, ngati kuti foniyo singalirire m'thumba. Zii. A Zulu podutsa, nditawauza zomwe ndikudikira: "Coffee sometime? Kuno ndiye kutsanzika kumeneko."

Lamlungu
Kutchalitchi sindipita, ndilibe jasi. Masana foni ikulira! Nambala yachilendo! Ndikukonza kukhosi kaye.
Ndi mayi a kochapitsa zovala. Akuti ayesa katatu, mafutawo sakuchoka, apepese. Ndawafunsa za sopo amene amagwiritsa ntchito. Ndawafunsa za nyengo. Tacheza mphindi zinayi.
Anthu abwino. Mawa ndiwapititsira siketi.