Mizere Yakuda pa Vidiyo ya Ukwati wa Eneless

Lolemba

Monita yafika! Yatsika m'minibasi ya ku Lusaka itakulungidwa m'bulangeti ngati khanda. Ndi yogwirapo kale ntchito, ili ndi kachipsera pakona, koma kutambalala kwake, mayo ine! Pa Chinyunyu pano palibe inzake. Ndaikhazika pa tebulo m'kantemba yanga, kashopu ka m'mbali mwa msewu, pakati pa machaja a mafoni ndi laputopu imene ndimaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori kadi.

Sindinaigulire makasitomala. Loweruka amai akubwera kuchokera ku Shikabeta kudzaonera vidiyo ya ukwati wa mlongo wanga Eneless, imene sanaionepo. Atate anatisiya patangopita miyezi yochepa ukwatiwo utachitika, ndipo m'vidiyomu ndi mokhamo mmene akuyenda, kuseka ndi kuomba m'manja. Zithunzi zilipo, koma atate akaona kamera ankauma gwa ngati awakumbutsa mlandu. Banja lonse linagwirizana kuti fulashi ya vidiyoyo izikhala ndi ine, poti ine ndiye wa makompyuta.

Ndalumikiza. Ndatsegula vidiyo.

Mizere iwiri yakuda, wina pamwamba wina pansi! Yonenepa! Ukwati wonse wapanikizika pakati ngati lamba. Ndiye kuti ndagula monita yathunthu kuti ndizionera theka?

Mkazi wanga, amake Mphatso, abwera ndi chimanga chootcha, asuzumira. "Ioneka che bwino, bashi Mphatso. Isiyeni."

Isiyeni! Anthu ena sadziwa mmene malo ongokhala amawawira mumtima. Zochita mawa:
- kuchotsa mizere
- kupukuta fumbi la malole pa galasi
- kuthamangitsa nkhuku ya eni ake imene yayamba kale kujompha chingwe

Lachiwiri

Ndapeza batani lokoka chithunzi kuti chidzaze galasi lonse. Ndadina. Mizere yathawa! Ndavina pang'ono ndekhandekha, poti panalibe wondiona.

Kenako ndayang'anitsitsa. Aliyense watalika. Abusa ali ngati nsungwi yovala jekete. Mlamu wanga, munthu wa mimba yake amene amadzaza yekha mpando wakutsogolo wa minibasi, waonda mpaka ndamumvera chisoni. Eneless masaya aphwa, khosi latalika, velo ikuchita kulendewera.

Tsoka ilo, amake Joyce ogulitsa nthochi pafupi ndi khomo langa alowa kudzachajitsa foni. Aima. Agwira pakamwa.

"Uyu si Eneless? Anayamba liti kudwala? Ndiye chifukwa sabwera kumudzi masiku ano?"

Ndikuwafotokozera kuti ndi batani chabe. Akugwedeza mutu mwachifundo, monga mmene timachitira munthu akamabisa matenda a pabanja pake. Atuluka osafunsa ndi mtengo womwe wa chaja.

Nkhani pa msewu uno siyembekeza basi. Dzuwa lisanapendeke Eneless waimba kuchokera ku Chongwe kumene anakwatiwa. "Ba kalongosi, nimvela ati nidwala maningi. Niuzeni matenda yake, nikagule mankhwala."

Ndabweza chithunzi mmene chinalili. Mizere yabwerera pamalo pake ngati sinachokepo. Ndikhulupirira kuti yanenepako.

Lachitatu

Ndaimbira ba Kelvin, amene anajambula ukwatiwo. Aseka kaye nthawi yaitali, ndi mayunitsi anga.

"Bosi, ija ni sinematiki. Ndiye mwamene mafilimu ya kunja yakhalira. Chithunzi chitambalala kupambana monita yanu. Osaigwira."

Ndamvetsa. Chithunzi chawo n'chachitali m'mbali kuposa galasi langa, ndiye kuti chilowe chonse chiyenera kuchepa, n'kusiya malo pamwamba ndi pansi. Mafilimu a karate amene ndimagulitsa nawonso ali choncho, ndipo palibe kasitomala amene anabwerako kudzadandaula. Mtima wakhala pansi pang'ono.

Komabe ndayesa kuphimba mizere ndi tinsalu toluka ta pa mipando ya kunyumba. Monita yaoneka ngati yavala duku. Amake Mphatso abwera, atola tinsalu tawo, apita.

Masana kwabwera ba Mwanza, mkulu wa mpingo wathu, kudzaikitsa nyimbo za kwaya. Vidiyo inali itaima pa nkhope za akwati. Avala magalasi, aweramira.

"Chakuda pamwamba, chakuda pansi. Monga vija vithunzi vamene timanyamula kutsogolo kwa bokosi. Amai anu muzaaonetsa so?"

Atenga kadi yawo, apita kukaphunzitsa kwaya, ine andisiya ndi munga mumtima. Amai angovula duku lakuda mwezi wathawu. Abwere ulendo wonsewo, fumbi lonselo, kuti adzaone atate ali pakati pa nsalu ziwiri zakuda? Iyayi. Tsopano ndikayang'ana monita ndikungoona maliro basi.

Mizere iyenera kuchoka. Ndalumbira.

Lachinayi

Zumu! Njira inalipo nthawi yonseyi. Ukulitsa chithunzi chonse mofanana mpaka mizere itulukira kunja kwa galasi. Palibe woonda, palibe wotalika. Mlamu wabwezeredwa mimba yake. Eneless wachira! Galasi ladzaza mpaka m'makona, kukongola kwake ngati ungalowemo n'kudya nawo keke.

Vuto ndi limodzi. Ukatseka n'kutsegulanso, mizere ibwerera. Sindikufuna kumasakasaka mabatani amai atakhala kale pa mpando. Ndakwera pa chulu cha kuseri kwa kantemba, pamene netiweki imagwira, ndaima pamenepo ndi laputopu m'manja ngati mlaliki wopanda mpingo, mpaka ndatsitsa pulogalamu yodula vidiyo kamodzi n'kamodzi.

Yagwira ntchito masana onse. Laputopu yatentha ngati madzi a ku kasupe wotentha wa pa Chinyunyu pano, mwina ungaphikepo dzira. Itamaliza ndaonera koyambirira. Kulowa m'tchalitchi, malumbiro, mphete. Zonse zili pakatikati, zonse zazikulu. Ba Kelvin ndi sinematiki yawo akagwere uko!

Madzulo aima madalaivala awiri a malole opita ku Chipata, akufuna mafilimu oonera pa boda. Laputopu ikulira kuti yadzaza. Vidiyo yakale ija ya mizere ndi yolemera kwambiri, ndipo ntchito yake yatha. Ndaifufuta. Pa fulashi ndafufutanso, ndaikapo yatsopano, malo otsala ndathirapo mafilimu a karate amene analibe pokhala. Ndi bini yomwe ndakhuthula, poti ndine munthu waukhondo.

Amake Mphatso akufunsa ngati ndasunga yakale penapake. Ndawafunsa ngati iwo amasunga makoko akadya nthochi.

Ndadzigulira maheu ozizira. Ndiyenera.

Lachisanu

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa kulibe makasitomala, ndiye takhala ndi amake Mphatso kuti tionere vidiyo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tafika pa madyerero. Tebulo lalitali la makolo, akwati pakati, makolo a mwamuna mbali iyo, amai mbali ino. Amai ali m'mphepete mwenimweni mwa galasi, kumanzere. Pambali pawo galasi latha.

"Nanga atate?" atero amake Mphatso.

Atate sankakonda kukhala pakati. Kutchalitchi, pamaliro, paukwati wa mwana wawo yemwe, malo awo anali kumapeto, pafupi ndi khomo, kuti aziona njinga yawo. M'tchalitchi wopereka Eneless anali amalume, monga mwa mwambo wathu, atate ali pa benchi lawo la m'mbali. Ku holo ba Kelvin anaimika kamera pa miyendo yake itatu n'kuisiya pomwepo. M'chithunzi chotambalala chija atate ankakwanamo bwinobwino. Zumu imadya m'mbali. Mlungu wonse ndakhala ndikuyang'ana pamwamba ndi pansi, osadzifunsa kuti chithunzi chikakula, cha m'mbali chimapita kuti.

Ndathamangitsa vidiyo kutsogolo, ndabweza, ndathamangitsanso. Zimene zatsala za atate:
- phewa la jekete ya bulauni
- dzanja limodzi pa tebulo
- nsapato, povina, ikulowa n'kutuluka
- kuseka kwawo, kumveka bwino kwambiri, munthu osaoneka

Ndaimbira ba Kelvin. Lero sanaseke. "Bosi, kadi ija ninaifomata kudala. Maukwati yangati yapitapo? Si ninakuuzani ati osaigwira?"

Eneless ali ndi tizidutswa ta pa foni chabe, ta iye yekha akuvina ndi anzake. Sindinamuuze chifukwa chimene ndikufunsira.

Ndakweranso pa chulu, ndatsitsa pulogalamu yobweza zofufutidwa. Yafufuza, yafufuza. Yandibwezera theka la filimu ya karate, nyimbo za kwaya za ba Mwanza, ndi chithunzi cha nkhumba ya munthu amene sindikumudziwa.

Amake Mphatso sananene kuti ndinakuuzani. Angonditengera madzi akumwa n'kukhala nane. Bola akanandinyoza, mwina chifuwa chikanapepukako. Ndili ndi chisoni, ndili ndi manyazi, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Loweruka

Amai atsika pa kanta, lole yaing'ono yonyamula makala, fumbi mpaka m'nsidze, ndi thumba la nshawa ndi tambala wamoyo m'khwapa. Avala chitenje chomwe chija cha pa ukwati. Asanamwe ndi madzi omwe akufunsa kale.

"Ili kuti tivi ija yamene wagula?"

Ndawauza kuti batire yatha. Dzuwa lili ng'aa pa sola kuyambira m'mamawa. Amai ayang'ana dzuwa, andiyang'ana ine, monga ankachitira ndikanena kuti kusukulu atibweza.

"Basi. Mailo, tikachoka ku tchalitchi."

Pofuna kutha nthawi ndawaperekeza ku kasupe kuti akaviike miyendo kumunsi, kumene madzi amakhala ofunda chabe. Akhala pa mwala, mapazi m'madzi, akundiuza za chimanga, za denga la nkhokwe limene lagwa, za mbuzi ya atate imene yabereka awiri. Kenako aweramira madzi.

"Nkhope niikumbuka, mwana wanga. Koma mayendedwe yao yayamba kunisowa. Nifuna niwaone chabe mwamene anali kuyendera."

Ine ndangoyang'ana nthunzi.

Titabwerera, amake Mphatso andikokera kuseri kwa nyumba kumene akusosola tambala uja. "Auzeni lelo, bashi Mphatso. Mailo chizawawa maningi." Akunena zoona, monga akhala akunenera zoona kuyambira Lolemba. Ndapita kukawauza. Ndawapeza akusenda nshawa, akuimba chapansipansi. Ndawafunsa ngati akufuna tiyi.

Njira zimene mutu wanga wandipatsa:
- kunena kuti monita yapsa
- kunena kuti ba Kelvin ndiye anajambula choncho
- kudwala

Yachiwiriyo ndi imene ikundikopa, ndipo ndikudzinyansa nayo.

Lamlungu

Sindinamve chilichonse cha ulaliki. Ba Mwanza andipatsa moni pakhomo la tchalitchi, ndawayankha ngati munthu wabwinobwino.

Ndabweretsa monita kunyumba. Amai akokera mpando wawo pafupi kwambiri, mawondo akukhudza tebulo. Ndayatsa. Galasi ladzaza mpaka m'makona.

"Eee, ikulu! Monga tili komweko!"

Aseka ataona abusa. Aomba m'manja pa mphete. Atchula dzina la aliyense wodutsa, ndi mudzi wake womwe. Ine ndaima kumbuyo kwawo, manja m'thumba.

Tafika pa madyerero. Amai adziona okha m'mphepete mwa galasi, ati duku linapendekeka ndipo palibe amene anawauza. Kenako kuseka kuja kwamveka. Amai auma.

Dzanja lija ndinaliona Lachisanu, koma ndinkathamangitsa vidiyo pofuna nkhope, sindinaone chimene likuchita. Likutulukira kumanzere, litagwira chidutswa cha nkhuku. Likuchiika m'mbale ya amai. Likubwerera.

Amai apendeketsa mutu kumanzere. Apendeketsanso. Anyamuka pa mpando, asuzumira m'mbali mwa monita, kumene kuli chingwe ndi fumbi basi.

"Sendezako pang'ono, mwana wanga. Atate ako abisika."

Bodza lonamizira ba Kelvin linali kale pa lilime. Ndalimeza.

"Amai, sangatuluke. Ndine ninawadula. Ninafuna kuchotsa mizere yakuda, ndiye ninafufuta vidiyo yakale."

"Mizere ya chani?"

"Inali pamwamba na pansi."

"Inali kubisa ndani?"

"Palibe, amai."

"Oo."

Akhala pansi. Sanalire, sanandikalipire. Akonza chitenje pa mawondo, ayang'ana galasi nthawi yaitali. Amake Mphatso aima pakhomo ndi mbale m'manja, sakulowa, sakutuluka.

"Bwezako pa dzanja paja."

Ndabweza. Ndabwezanso. Tambala uja wazizira m'mbale, palibe amene wasamba m'manja. Ntchito yanga lero ndi kudina batani limodzi, ndipo ndidina mpaka iwo atanena kuti basi.

Akudziwa kuti kulibe kanthu kumeneko, ndawauza ndi pakamwa panga. Koma dzanja likangotulukira, amai akupendeketsa mutu kumanzere.