Apongozi Ali pa Seveni ndi Eyiti

Lolemba

Nyimbo ya kwaya yathu ili m'kompyuta mwanga. Ndinaijambula dzulo, ngakhale chakumapeto ndinatuluka kukathamangitsa mbuzi zomwe zinkalira pawindo. Loweruka tikuiulutsa koyamba kutchalitchi. Ikamveka bwino, apongozi akuti andipatsa malo aja a m'mbali mwa msewu wa ku Chitakale ndimangepo situdiyo. Zaka naini ndili pachikamwini, kompyuta ikugona pakati pa matumba a nandolo!

Vuto ndi limodzi, ndipo ndi apongozi omwewo. Akuimba anthu makumi awiri, akumveka ndi iwo okha. Mawu osongoka ngati singano. A tcheya a kwaya andikokera pambali: "Achimwene, muwachepetseko mayiwa, apo ayi nyimboyi isatuluke." Iwowo kuwauza akuopa. Nanga ine, munthu woti ndikawaona panjira ndimapatukira m'munda wa tiyi?

Ndaika pulogalamu ya ikwalaiza. Timabatani khumi, kalikonse kokweza ndi kutsitsa. Kumanzere besi, kumanja mawu osongoka. Akuti imagwira chilichonse chotuluka m'kompyuta.

Lachiwiri

Ndawapeza! Apongozi amakhala pa kabatani ka seveni ndi ka eyiti. Ndikatsitsa, zii. Ndikakweza, abwera. Ndachita zimenezi kangapo ndithu, Mulungu andikhululukire.

Kwaya ikumveka ngati ikuimbira mumgolo pang'ono, koma mtendere ulipo. Ndikungobwereza mphindi yoyamba. Nyimboyi ndi ya mphindi naini, nthawi yoimvera yonse ndiitenga kuti?

Lachitatu

A tcheya amvera mphindi yoyamba yomweyo. "Ukatswiri ndi umenewu!" Mutu wanga wakula.

Masana mkazi wanga, mayi a Tadala, abwera ndi foni. Amayi awo ali ku Muloza, atumiza uthenga wa mawu, ndipo ndi wa ine. Sipika ya foniyo inafa kalekale, ndiye tiumvere pa kompyuta. Chomwe chikutuluka: mmm, mmm, Loweruka, mmm. Ikwalaiza ija! Yawameza apongozi ngakhale akungolankhula. Kuikhudza sindingathe, mkazi waima pompa maso ali pa sikirini.

"Ine sindinamvepo kanthu. Inu mwamva, bambo a Tadala?"

Ndati ndamva, ndi netiweki ya kumalire chabe. Atenga foni yawo, apita.

Lachinayi

Ndaika nyimbo m'fulashi, ndakaiyesa kwa wometa pa siteji ya Chitakale. Mayo ine! Apongozi alimo onse athunthu! Wometa wangotsala pang'ono kudula khutu la kasitomala.

Kani ikwalaiza siisintha nyimbo. Imangosintha zotuluka m'kompyuta yanga basi. Ndiye kuti Loweruka kompyuta yonse ikupita kutchalitchi.

Zofunika:
bokosi lenilenilo
sikirini
mawaya onse, ngakhale uja sindidziwa ntchito yake
wa njinga yamoto wosathamanga, ngati alipo
pulasitiki, chiperoni chayamba
mtima

Lachisanu

Apongozi abwerera. Sali okha. Abale khumi ndi awiri a ku Milanje, kutsidya kwa malire, atsika nawo, ndi nkhuku zomwe.

Ndafunsa chomwe abwerera, mayi a Tadala akundiyang'ana modabwa: "Si munati mwamva? Abwera kudzamvera vesi yomaliza ija, ya Chilomwe, yomwe amayi akuimba okha."

Vesi yanji?! Okha?!

Mbuzi zija zandipha. Ndathamangira ku kompyuta kuti ndimve mapeto a nyimbo. Magetsi azima kuyambira m'mawa. Ndakhala pa thumba la nandolo ndikudziyang'ana m'sikirini yakuda. Ndikakweza seveni ndi eyiti, a tcheya akana nyimbo. Ndikasiya pansi, kaya. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Loweruka

Magetsi ayaka titafika kale kutchalitchi, anthu atadzaza. Mpata woyesa palibe. A tcheya aima kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa langa, lolemera. Apongozi ali pabenchi yakutsogolo pakati pa abale awo, chitenje chatsopano.

Mphindi yoyamba, bwino. Yachisanu, bwino, anthu akugwedeza mitu. Ya eyiti, kwaya yakhala chete, vesi ija yayamba.

Ngati munthu akuimba atafunda bulangete m'nyumba ya aneba.

A ku Milanje akuyang'anana. Bambo wina wachikulire watchera khutu ndi dzanja. Kenako apongozi atembenuka, andiyang'ana m'maso. M'maso mwenimweni! Zaka naini sizinachitikepo.

Ndakankha seveni ndi eyiti mpaka pamwamba penipeni. Tswiiii! Ana kulira, mileme kutuluka kudenga, sipika yakumanzere phu, kautsi. Yakumanja nayo zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo a tcheya, makutu atagontha, akukuwa:

"Atsitseninso mayiwo ngati tinapangana muja!"

Tchalitchi chonse chamva. Mpaka wa njinga yamoto panja wamva.

Apongozi aimirira pang'onopang'ono, amanga bwino chitenje. Ayamba vesi yawo, popanda sipika, popanda maikolofoni. Mawu afika mpaka kuseri kwa tchalitchi. Amayi a ku Milanje akulira, ena nthungululu. Ndipo chondipweteka n'chakuti vesiyo ndi yokoma. Yokoma zedi. Ine ndazolika mutu kuseri kwa sikirini.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi, ndati mutu. A tcheya akuuza anthu kuti iwo za makompyuta sazidziwa.

Timabatani tonse ndatibwezera pakati. Kompyuta yabwerera pamalo pake, pakati pa nandolo. Mayi a Tadala akundilankhula mawu amodziamodzi, ngati akugawa mankhwala.

Masana abwera ndi uthenga wa amayi awo, wapakamwa, womveka bwinobwino, wosafuna ikwalaiza. Alibe nane mlandu, akutero. Malo a kumsewu aja aganiza zobzalapo nanazi. Wolima ndine, kuyambira mawa, ndipo iwo azibwera kudzandiimbira kuti ntchito ipepuke.

Khasu ndalinola kale.