Timapilisi ta Alamu Anga Tsiku la Ingoma

Mpaka lero ku Champhira kuli anthu amene akandiona amayasamula dala. Ine sindiwayankha. Koma poti nkhaniyi aliyense amainena mokhota, lekani ndiinene ndekha mwini wake.

Nthawi ija ya chipani chimodzi, wotsogolera ingoma ya kwathu ndinali ine. Ndikaponda pansi fumbi limadzuka, ndikayambitsa nyimbo agalu a tsidya lija amauwa (uku si kudzitama, kafunseni). Ndiye kunabwera uthenga kuti pa Boma pakubwera nduna, ife tikavine. Sabata yomweyo bondo langa linatupa ngati dzungu. Pamzere, kumbuyo kwanga kunkaima Chavula, munthu amene ankangodikira tsiku loti nditsimphine kuti alande malo akutsogolo.

Ndinapita kuchipatala cha pa Boma. Pawindo la mankhwala panali mayi wina wa ku Dedza, ndipo anandipatsa asipirini. Ine maso ali pa kabati ya loko kumbuyo kwake.

“Amama, ndipatseni a m’kabatimo. Awa ndi a ana.”

“Bambo, amenewo satuluka popanda adokotala kulemba. Ndi oopsa.”

“Oopsa kwa ndani? Mukundiona bwino ine?”

“Ndikukuonani. Wotsatira.”

Ndinachoka ndikutokota. Koma pa Boma pomwepo pankakhala alamu anga a Nyirenda, amene chipika chinawathyola mwendo ku Chikangawa, ndipo adokotala anali atawalembera a m’kabati aja. Kwathu mankhwala a m’nyumba ali ngati fodya wamphuno, mlamu samanidwa. M’mawa wa tsiku lovinalo anandipatsa kabotolo.

“Kamoza pera, mulamu. Ngankhongono chomene,” anatero. Kamodzi kokha poti ngamphamvu kwambiri, eti!

Ndinakayang’ana kapilisiko, kakang’ono ngati njere ya mapira. Ndinayang’ananso thupi langa. Sukulu ndinalekera panjira, koma masamu amenewa ndinawatha: kamodzi ka bondo, kena ka msana, kena ka Chavula. Ndinatsitsira ndi chipanda cha masese (alamu anali atatuluka panja, asamanamiziridwe).

Pofika pabwalo bondo linali litasiya kuwawa. Kunena zoona, miyendo yonse sindinkaimvanso. Anatikhazika kutsogolo penipeni, nthenga kumutu, zishango m’manja, kudikira kuti nduna imalize kulankhula. Dzuwa likuswa mtengo, nduna osamaliza. Ndinati nditsamire pang’ono chishango.

Zotsatirazo ndinachita kuuzidwa. Akuti mkonono wanga unalowa m’chimkuzamawu, nduna n’kuima pakati pa mawu. Anyamata a chipani anandithamangira. Masiku amenewo kugona wamkulu akulankhula sinali nkhani yoseka, munthu umatha kusowa. Mkazi wanga NyaJere anachoka pagulu la amayi n’kudzigwetsa pa ine.

“Mbalwali aŵa, adada! Akudwala, musawamenye!”

Anandigwedeza, ine zii. Milomo itatuwa, kupuma kwapatalipatali. Mbwenu anandiponya mu galimoto ya boma ngati thumba la chimanga.

Ndinadzidzimuka m’chipatala, diripi pamkono, nthenga zidakali kumutu. Adokotala anati mapilisi amenewo amachedwetsa kupuma, ndipo ukathirapo mowa munthu amagona osadzukanso. Ine akuti ndinabwerera pakhomo pa manda. Alamu nawo anakalipiridwa koopsa, mankhwala awo anayamba kukamwera pamaso pa namwino. Madzulo mayi wa ku Dedza uja anadutsa pabedi panga.

“Bambo aja, oopsa kwa ndani?”

“Yewo, amama,” ndinayankha ndi mawu aang’ono amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Ingoma anatsogolera Chavula tsiku limenelo, ndipo malowo sanabwezenso mpaka mawondo ake atatha okha. Ine lero mdzukulu akandipatsa pilisi ndimayamba ndafunsa kuti adokotala alembera ndani, ndipo ndimamwa monga anenera, ndi madzi.

Koma chimodzi mulembe bwino. Anthu amene analipo tsiku lija, nyimbo ya Chavula palibe amaikumbukira. Mkonono wanga aliyense akuudziwa.