Khutu langa ndi yankho la apongozi

Lolemba
Matenda anga adziwika! Adokotala a kumishoni aunika m'khutu ndi katochi: mkati mwafiira ngati phwetekere. Akuti kafupa kakukula molakwika, timitsempha ta magazi tachulukana, n'chifukwa chake ndikugontha. Akutinso odwala otere amamva bwino paphokoso, poti anthu amakweza mawu. Zoonadi!

Sabata ino apongozi anga aakazi ayankha za chitengwa, ngati ndingatenge mkazi wanga Esinati tikakhale kwathu ku Bangula. Koma iwo amandilankhula chapatali, atafulatira, motsitsa mawu, monga mwa mwambo. Sindimva kanthu, ndipo zakugonthazi ndikubisa. Nzeru ndi iyi: akayankhire paphokoso!

Lachiwiri
Ndasenza mapira awo mpaka kuchigayo, iwo pambuyo. Mtima uli dyokodyoko. Chigayo chilibe dizilo. Zii!

Lachitatu
Kumsika! Ogulitsa milamba, mabelu a njinga, mbuzi, akazi okangana. Phokoso lokoma! Pachipata anyamata achipani: "Khadi, bambo!" Amenewa ndawamva bwinobwino. Khadi lili m'malaya ena. Apongozi alowa, ine ndatsala ndi dzuwa panja.

Lachinayi
Apongozi akukachingamira mlongo wawo kusiteshoni. Ndikuperekeza, sitima ikafika ndifunsa basi! Madzi asefukira ku Chiromo, sitima sikubwera. Achule okhaokha.

Lachisanu
Amayi a m'mudzi akuyeserera gule, ng'oma zinayi, apongozi ali pomwepo. Lero ndi lero! Ndikusendera, kusendera, mpaka phewa langa lagunda la apongozi. Ng'oma zaleka. Mudzi wonse maso pa ine. Esinati: "Mwapenga kodi? Amayi n'kuwakhudza?"

Loweruka
M'khutu mukulira ngati nyenje. Ndaulula kwa Esinati. Waseka mpaka kugwira nthiti: "Tonse tinadziwa chaka chatha!" Manyazi andigwira, komabe mawa ayankha. Mwina andimvera chisoni!

Lamulungu
Abale asonkhana pansi pa msawu, bata ngati pamaliro. Apongozi afulatira, alankhula nthawi yaitali. Ena akawomba m'manja, nanenso ndikuwomba. Ndathokoza katatu: "Takhuta, mai!" Kenako Esinati wandikuwira m'khutu: "Akana! Akuti akamwini anzanu onse amayankha mwano, inu nokha mumangoti inde. Munthu wotere sangamulole achoke pamudzi."

Kwathu ndakulakalaka mpaka misozi. Basi, ndanola khasu. Mawa ndikalima munda wawo wa thonje.